Mkango wa Nyanga Imodzi

Dziko lino kulibe mikango, koma sindinaone anthu okonda mkango ngati Angerezi. Uli pa ndalama zawo, pa pasipoti, pa malaya a mpira, pa zipata za nyumba. Ngakhale dzira, dzira lenileni la nkhuku lokazinga m'mawa, amalidinda kamkango kofiira. Ine ndinakhala ku Birmingham zaka zambiri osaiona mikango yonseyi. Munthu wothamangira basi ya ku Edgbaston kukagwira ntchito kuchipatala sayang'ana zipata za eni. Anandionetsa ndi malemu bambo anga, chaka chimene anabwera kudzatichezera ku Longbridge.

Pawindo la pabalaza pathu pali mkango wina wamtengo, wautali ngati botolo la mafuta ophikira. Uli ndi nyanga imodzi pamphumi ndipo diso lina ndi lalikulu kuposa linzake. Alendo akauona amaseka, ine ndimawasiya aseke.

Bambo anga anali mmisiri wosema ziboliboli. Ankagulitsa m'mphepete mwa msewu wokwera phiri la Zomba, pansi pa kachisakasa ka udzu. Anzawo ankasema njovu, mvuu, mipando ndi zina zotero, koma iwo anali a mikango basi. Ife tinakulira mu utuchi ndi tizibanthu ta mitengo. Tizibanthuto tinkapezeka m'tsitsi, m'makope a kusukulu, nthawi zina ndi m'ndiwo momwe, mayi anga n'kukalipa mpaka kwa aneba kumva. Mpaka lero ndikanunkhiza polishi wa nsapato, amene bambo ankawalitsira mikango yawo, ndimangoona khonde la kwathu dzuwa litapendeka.

Anali ndi lamulo limodzi limene anzawo ankawaseka nalo. Mkango uliwonse unkakhala pamphasa wopanda maso. Zonse zatha, manyenje, mano, zikhadabo, mchira, koma pamalo pa maso pali see. Wogula akasankha wake, m'pamene bambo ankatulutsa kampeni m'thumba, kuutembenuza mkangowo kuti uyang'ane mwini wake, n'kuboola maso. Ankati chinyama chimazolowera munthu amene chayamba kumuona. Ukachitsegula maso msanga chimazolowera iwe wosemawe, ndiye chikapita kwa eni chimakapukwa moyo wake wonse. Mayi anga ankati zimenezo ndi nzeru za malonda chabe, zoti mzungu aime nthawi yaitali agulenso china. Bambo sankatsutsa, komanso sanasiye.

Pamene ankabwera kuno n'kuti mayi atatisiya, ndipo iwonso atayamba kuwerama msana. Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anabadwira kuchipatala chomwe ndimagwirako ntchito, ndipo ku Malawi anali asanapondeko. Chichewa ankachimva, makamaka chokalipira, koma poyankha ankayankha Chingerezi. Nkhawa yanga inali imodzi yokha, ndipo inkandidya usana ndi usiku: kuti anthu awiriwa akhala nyumba imodzi miyezi yonseyo n'kusiyana asakudziwana. Mlendo ndi mame. Ndinkadziwa kuti bambo sadzabweranso kachiwiri.

Zinayamba kuipa pabwalo la ndege pomwe. Bambo atangomuona mwanayo anatambasula manja.

"Kodi mkazi wanga ndi ameneyu? Ndiye wakulatu! Wandikonzera chiyani mwamuna wakone?"

Mawu akuti mkazi wanga mwanayo anawamva bwinobwino. Anabisala kumbuyo kwanga atagwira jekete langa zolimba. M'galimoto anandinong'oneza kuti, "Mum, that's weird." Ndinayesa kumufotokozera kuti kwathu agogo aamuna amatero ndi adzukulu awo aakazi, ndi macheza chabe, ngakhale ine agogo anga ankanditchula choncho. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti kwathu timadya miyala. Masabata oyambawo ankadya mothamanga n'kuthawira kuchipinda kwake. Zogwada popereka madzi ndiye anakaniratu, ndipo ndinakalipa mpaka pakhosi kuuma. Bambo ankangoti, "Musiye, iwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Iwo anali otanganidwa ndi zawo. M'mawa woyamba ndinawapeza kukhitchini atanyamula dzira, akuliyang'anitsitsa pafupi ndi windo.

"Kodi nkhuku za kuno n'za boma?"

"Bwanji, Ababa?"

"Si uwu mkango? Kwathu mkango umakhala pa zinthu za boma. Tisadye zinthu zotimangitsa."

Ndinaseka mpaka kugwira tebulo. Kuyambira tsiku limenelo bambo anayamba kusaka mikango ya ku Birmingham, ndipo sinkasowa. Popeza ine ndinali pa mashifiti, iwo ndi amene ankaperekeza mdzukulu wawo kusukulu. Ankayenda ngati anthu okangana, mwana patsogolo, gogo m'mbuyo. Pachipata chilichonse chokhala ndi mikango ya simenti bambo ankaima, kuvula golovesi, n'kuyamba kuisisita ndi chala chachikulu. Madzulo ankandipatsa lipoti. Wa pakona paja ndi galu wovala mpango. Awiri a nyumba yobiriwira aja anawaumba munthu waulesi, m'chikombole chimodzi, n'chifukwa chake akufanana ngati mabanzi. Mwana wanga ankadandaula kuti anzake akumufunsa chifukwa chimene agogo ake amapatsira moni zipata.

Titapita nawo m'tauni anaona ng'ombe yosula ndi mkuwa imene anthu amajambulitsa nayo zithunzi, ndipo anaigwedezera mutu, anati amene anaipanga ng'ombe amaidziwa. Lamlungu lina tinapita ku Foleshill, ku Coventry, kumapemphero a anthu akwathu ndi a ku Zambia. Kumeneko anaona chizindikiro cha mzindawo, njovu itasenza nyumba pamsana. Anaima pakati pa njira, manja m'chiuno.

"Mkango atenga, njovu atenga n'kuisenzetsa katundu. Anthu amenewa atisiyira chiyani? Fisi?"

Tsiku lina ndikusanja mapepala, anatola pasipoti ya mdzukulu wawo. Pachikuto pake pali mkango mbali ina, mbali inayo hatchi ya nyanga imodzi pamphumi, ili ndi tcheni m'khosi. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Iyi ndiye yawoyawo. N'chifukwa chake aimangirira." Ine sindinalabadire. Hatchi imeneyo m'nyumba mwathu inali paliponse, chifukwa mwana wanga anali pa msinkhu umene atsikana a kuno amapenga nayo. Inali pachikwama cha kusukulu, pa kapu, pa zofunda, ina yapinki, ina ya mchira wa utawaleza. Sindinadziwe kuti bambo akuona zonsezi akuwerengera zawo mumtima.

Loweruka lina ndili pa ofu tinawatengera ku Dudley, kumalo osungirako nyama. Kunkawaza kamvula kosatha kaja ka kuno. Titafika pa mikango tinapeza waumuna uli gone pathabwa, ukuyasamula, wosalabadira munthu. Bambo anavula chipewa. Anaima pagalasi lotchinga khola, madzi akutsika m'dazi, mpaka ndinawakoka dzanja.

"Ababa, mudwala. Valani chipewa."

"Makutu," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikulakwitsa makutu. Ndimasongola ngati a mphaka, chikhalirecho ndi obulungira."

"Simunaonepo mkango, Ababa?"

"Ndikanauona kuti? Ku Zomba kuli anyani. Ine ndinaonera kwa malume anga, iwonso anaonera pachithunzi."

Ine mwana wawo, amene ndinaphunzira sukulu ndi mikango imeneyo, sindinkadziwa. Ndinamva chisoni ndi kuseka nthawi imodzi. Munthu wasema mikango moyo wake wonse, n'kudzauona woyamba ku Ulaya, pamvula, atavala jekete la mkamwini wake.

Atakhutira anavala chipewa chija, n'kutembenukira kwa mdzukulu wawo. Analoza hatchi ya pachikwama chake.

"Wathu ndamuona. Tsopano tiye ukandionetse wakoyu. Khola lake lili mbali iti?"

Mwanayo anandiyang'ana, anayang'ana agogo ake, anayang'ana chikwama. Ataona kuti gogoyo sakuseka, iye ndiye anaphulika. Anaseka mpaka kukhala pabenchi yonyowa, misozi ili mbwe. Kenako anakoka mpweya n'kunena mawu oyamba a Chichewa amene anawauzapo agogo ake.

"Agogo, kulibe!"

"Kulibe kuno, kapena kulibe konse?"

"Kulibe... everywhere!"

Bambo anandiyang'ana kuti nditsimikize. Ndinawauza kuti ndi nyama ya m'nthano chabe, palibe anaionapo.

"Ndiye boma lonse la Angerezi, ndi sukulu zawo zonsezi, anakhala pansi n'kuika bodza pa pasipoti?"

Mwanayo anafuna kuti ndimumasulire, ndipo atamva anayambiranso kuseka. Bambo anamusiya amalize. Kenako anakhala pambali pake pabenchi ponyowapo.

"Usaitaye hatchi yakoyo, mkazi wanga. Ngakhale mkango kwa ine kunalibe mpaka lero, koma unawalera mayi akowa."

Sindikudziwa kuti anamvapo zingati. Chimene ndinaona n'choti sanathawe atamutchula mkazi wanga, ndipo pobwerera kugalimoto anayenda pambali pawo. Lolemba lake anayamba kuimira limodzi pazipata zija. Iye ankaloza mkango n'kufunsa kuti, "Galu?" Bambo n'kuyankha kuti, "Galu weniweni."

Patapita nthawi anabwera ndi ntchito ya kusukulu. Aphunzitsi anawaonetsa chithunzi cha ku Singapore, kumene chizindikiro cha mzinda wawo ndi chinyama cha mutu wa mkango ndi thupi la nsomba, chikulavula madzi. Anati mwana aliyense apange chinyama chakechake chosonyeza kumene amachokera. Bambo ataona chithunzicho anafunsa ngati chimenecho ndi ndiwo kapena chilombo. Mwanayo anakhala pansi n'kujambula mkango wa nyanga imodzi pamphumi. Anawapatsa agogo ake pepalalo.

Bambo anakwera kuchipinda kwawo n'kutsika ndi thalauza yokulungakulunga. M'kati mwake munali kasemasema wawo, tchizulo ziwiri ndi kampeni kaja. Miyezi yonseyi zinali m'sutikesi.

"Ababa! Mukanagwidwa nazo pabwalo la ndege mukanati chiyani?"

"Ndikanati ndine mmisiri. Iwe popita kuntchito umasiya manja kunyumba?"

Mtengo anaupeza kwa aneba athu amene ankadula nthambi kuseri kwa nyumba yawo. Anaunyoza kuti ndi wofewa ngati chinangwa, koma anautenga. Masabata otsatirawo ndikabwera kuntchito ndinkawapeza kuseri, pa kabwalo kathu kakang'ono kaja, gogo atakhala pa ndowa yovundikira, atavala chipewa changa chaubweya, mdzukulu ali pambali ndi sandipepa. Wina ankayankhula Chichewa, wina Chingerezi, ndipo pamene mawu awathera ankagwirana chala n'kuchiyendetsa pamtengo. Tizibanthu tinayamba kupezeka pa kapeti, m'bafa, m'tsitsi la mwana. Ndinakalipa ndi mawu omwe aja a mayi anga, ndipo ndili m'kati mokalipa ndinazindikira kuti ndikusangalala kuposa tsiku lina lililonse chibwerereni kuno.

Mkango unatha. Makutu anali obulungira, oyamba olondola pa moyo wawo wonse. Nyanga inali yopotana bwino ngati ya pa pasipoti. Anaupaka polishi wa nsapato za mwamuna wanga mpaka kuwala. Koma pamalo pa maso panali see.

Mwanayo analoza. "Agogo, maso."

Lamulo lija anali atamuuza kale, ndipo iye anaima patsogolo pa mkangowo, wokonzeka kuti umuone. Bambo anapinda kampeni n'kukabwezera m'thumba.

"Uyu ndikamutsegulira kuno, ayamba kuona mitambo ya Angerezi, ayesa kwawo n'kuno kokha. Ubwere naye ku Zomba. Ndikamutsegulira pakhonde panga."

Mwana analira. Ine ndinapsa mtima zenizeni.

"Ababa, tikiti ya ndege si ya minibasi ya ku Limbe! Mwana akapereka bwanji kusukulu chinthu chosatha?"

"Akawauze kuti mmisiri wake sanamalize."

Bambo anga anali munthu wofatsa, koma akanena kuti ayi, ngakhale mubwere ndi gulu lonse la mpingo. Mkango unapita kusukulu wopanda maso, unabwerako wopanda maso, ndipo bambo anakwera ndege kampeni kali m'sutikesi. Pabwalo la ndege mwanayo anawakumbatira m'chiuno osafuna kuwasiya.

Tinkati tipita chaka chamawa. Chaka chamawacho chinabwera ndi zake, chinzake chimodzimodzi, kenako mliri wa padziko lonse uja unatseka maulendo. Mwana anakula. Hatchi zapinki zija zinapita m'matumba a zopereka, m'malo mwake munabwera foni ndi chitseko chotseka. Chichewa chimene anatola kwa agogo ake chinayamba kuthothoka. Chinatsala chinthu chimodzi. Ndikaimba foni kumudzi, bambo ankati ndimupatse mkazi wawo.

"Mkazi wanga, mkango ukuona?"

"Ayi, agogo. Sukuona."

"Chabwino. Ndikudikira."

Macheza awo onse anali amenewo, chaka ndi chaka. Nthawi zina mwanayo ankayankha maso ali pa foni yake, ine mtima n'kumandiwawa.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mchimwene wanga anandiuza kuti maso a bambo achita ng'ala, ndipo kuchipatala anena kuti pali vuto linanso m'kati, loti opaleshoni singathandize. Anasiya kusema. Ndinagula matikiti a tchuthi chachilimwe. Mwana wanga anakwiya, chifukwa anali atapangana ulendo wina ndi anzake a kusukulu, woyamba wopanda makolo. Anandiuza m'Chingerezi chake chothamanga chija kuti ku Malawi sakudziwako aliyense, akakhala ngati chitsiru, anthu azikamuseka kayankhulidwe. Aka kanali koyamba kuti ine, mayi wa pakamwa, ndisakalipe. Ndinangomuuza kuti agogo ake sakuonanso, ndipo ndinatuluka m'chipindamo.

Tsiku lolongedza katundu ndinatsegula sutikesi yake kuti ndiikemo mankhwala a malungo. Pansi pa zovala panali jinzi yokulungakulunga, kansonga ka nyanga katatulukira kumwendo.

Titafika ku Zomba tinawapeza bambo atakhala pakhonde, pampando wawo wakale, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera phokoso la galimoto. Anali atachepa thupi. Maso anali oyera ngati mkaka wothira madzi. Ine ndinalephera kudzigwira, ndinalira ngati kamwana. Iwo anandisisita kumutu pang'ono n'kundikankhira pambali.

"Iwe ndakumva. Mkazi wanga ali kuti?"

Mwana wanga, yemwe uja anakana kugwada ku Longbridge, anagwada pasimenti popanda womuuza. Bambo anamugwira kumaso ndi manja onse awiri, chala chachikulu chikuyenda pamphumi, pamphuno, m'masaya, monga ankachitira ndi mikango ya pazipata.

"Uyu si galu ayi," anatero. "Uyu anamupanga mmisiri."

Mwanayo anamasula jinzi ija n'kuwaika mkango m'manja. Bambo anaupapasa kuyambira kumchira mpaka kunyanga, anadandaula kuti sitinkaupaka polishi, kenako anapisa m'thumba la malaya. Kampeni kanali momwemo. Mchimwene wanga anandiuza pambuyo pake kuti zida zina zonse anagawira anzawo, koma kameneka ankakana nako. Anakatsegula, anafufuza pamalo pa diso ndi chala, anaikapo nsonga. Nsongayo inaphonya. Anayesa kachiwiri, mpeni unatsetsereka n'kukanda tsaya la mkango. Ndinaona nkhope ya bambo anga ikugwa, ndipo ndinalakalaka tikanabwera zaka zitatu m'mbuyomo.

Anapumira m'mwamba. Kenako anafufuza dzanja la mdzukulu wawo n'kumufumbatitsa kampeniko.

"Uboola ndiwe. Ine ndiika chala pamene pali diso, iwe uboole m'mphepete mwa chikhadabo changa. Usandicheke, magazi ndatsala nawo ochepa. Koma uyambe wautembenuza, ukuyang'ane iweyo mwini wake."

Mwanayo anaugwira mkango uja. Ndinamuona akuuyang'ana, akuyang'ananso agogo ake. Sanautembenuze. Anausiya pamiyendo pawo nkhope italoza kwa iwo, iye n'kudzuka kukawerama chakumbali, kuboola mopotoka dzanja, mosaona bwino chimene akuchita. N'chifukwa chake diso lina linakula kuposa linzake. Bambo chala chinali pomwepo, ndiye sakanalephera kudziwa kumene mkango waloza, koma anamusiya mpaka diso lachiwiri litatha. Anapemerera utuchi, anasisita maso onse awiri.

"Wayamba kuona ndani ameneyu?"

"Inu, agogo."

"Walakwitsatu, mkazi wanga. Ukapita naye ku Ulaya azikapukwa moyo wake wonse."

Mwana wanga anapinda kampeni kaja, anakabwezera m'thumba la malaya awo, n'kusiya dzanja lake pomwepo pachifuwa.

"Ndikudziwa, agogo," anatero.